Kuphatikiza zithunzi za setilaiti kuti tione kutentha kwa Mzuzu dera ndi dera: momwe ntchito ikuyendera

Cholinga cha ntchitoyi ndi kupanga mapu a kutentha kwa pamwamba pa nthaka mu mzinda wa Mzuzu, oti munthu akawayang'ana azitha kusiyanitsa Chibavi ndi Katoto, msika waukulu ndi bwalo la ndege, madimba a m'mbali mwa Lunyangwa ndi zitunda za ku Masasa. Ofuna mapuwa ndi anthu amene akulingalira za kumene kungadzalidwe mitengo ndi kumene madambo akuuma chifukwa cha zomangamanga. Zithunzi zoyeza kutentha zilipo, zaulere, koma zili mbuu, tinthu ting'onoting'ono sitioneka. Zithunzi za kuwala wamba zimaonetsa ngakhale denga la nyumba, koma za kutentha sizinenapo kanthu. Ife tikuyesa kuphatikiza mitundu iwiriyi.

Kumapeto kwa Meyi

Tagwirizana zithunzi zoti tigwiritse ntchito. Za kutentha tikutenga kwa setilaiti ya Landsat 8, imene inatumizidwa mumlengalenga mu 2013, ndi Landsat 9 ya mu 2021. Iliyonse imabwerera pamalo amodzimodzi pakatha masiku 16, ndipo poti zimasinthana, mzinda wathu umajambulidwa masiku 8 aliwonse, cha m'ma 10 koloko m'mawa. Kamera yake ya kutentha, TIRS, imayeza malo a mamita 100 m'litali ndi 100 m'lifupi n'kupereka nambala imodzi. Imeneyo ndi hekitala yathunthu. Ku Chiputula kapena ku Mchengautuba, m'hekitala imodzi muli nyumba zothithikana, zimbudzi, mitengo ya mapeyala, nthochi, kamsewu kafumbi, mwinanso kadambo. Zonsezo zimalowa m'nambala imodzi, ngati madzi a pamoto ndi a pampopi amene mwathira m'ndowa imodzi kuti musambe: mukapisamo dzanja mumva ofunda, koma dzanjalo silingakuuzeni kuti a pamoto aja anali ochuluka bwanji kapena anawira mpaka pati.

Amene akuyamba kumene ntchito zotere achenjere ndi chinthu chimodzi. Bungwe la USGS la ku America limapereka zithunzizi zitaikidwa kale pa ma pixel (timabokosi timene timapanga chithunzi) a mamita 30 kuti zifanane ndi ma band ena, ndiko kuti zithunzi za mitundu ina ya kuwala. Ukazitsegula mu pulogalamu ya mapu ya QGIS umayesa ntchito inatha kalekale. Ayi ndithu, anangozisalaza ndi masamu. Kuyeza kwenikweni ndi kwa mamita 100 komwe kuja. Ndipo sikuti opanga ake anaumira. Kutentha kumene nthaka imatulutsa kumayenda pa mafunde aatali, a ma micrometer 10 mpaka 12, pomwe kuwala kooneka ndi maso sikufika n'komwe micrometer imodzi. Mafunde akatalika pamafunika galasi lalikulu kuti uone kanthu kakang'ono, komanso zoyezera za TIRS zimaziziritsidwa kupitirira madigiri 200 pansi pa ziro kuti zigwire ntchito. Landsat 7 ya mu 1999 inkayeza pa mamita 60, koma kuyambira mu Meyi 2003, kachipangizo kake kena katafa, zithunzi zake zinkabwera ndi mizere yopanda kanthu.

Kobwereka tsatanetsatane kuli kuwiri. Kwina ndi kwa kamera ina ya Landsat yomweyo, OLI, ya mamita 30, imene imajambula nthawi imodzi ndi TIRS. Kwina ndi kwa Sentinel-2 ya ku Ulaya, imene ili ndi ma band anayi a mamita 10 ndi ena a mamita 20, yobwera masiku 5 aliwonse, koma yopanda kamera ya kutentha. Taonjezapo mapu a kukwera ndi kutsika kwa malo a SRTM, oyezedwa mu 2000, a mamita 30. Kamera ya NASA yotchedwa MODIS ndi setilaiti ya Sentinel-3 zimayeza kutentha tsiku ndi tsiku koma pa kilomita yathunthu, mahekitala 100 m'nambala imodzi. Zimenezo taziika kaye pambali.

Juni

Mitambo basi. Wokhala kuno aliyense akudziwa kuti Juni ndi Julayi ndi nthawi ya kamvula kowaza, mphepo ya mwera ikanyamula chinyezi cha panyanja n'kukwera nacho zitunda za ku Nkhata Bay. Kamera ya kutentha siboola mtambo. Imayeza pamwamba pa mtambowo, ndipo pamapu Luwinga amaoneka wozizira kuposa Nyika.

Mtambo waukulu suvuta, band ya QA_PIXEL, yoika zizindikiro pa mitambo, imauzindikira ndipo timauchotsa. Chotivuta ndi mthunzi wa mtambo, umene umaziziritsa nthaka kwa kanthawi, komanso nkhungu ya m'mawa imene imachedwa kuchoka m'madambo. Palinso timitambo topyapyala ta m'mwamba kwambiri, tosaoneka ndi maso pa chithunzi koma totsitsa nambala ndi madigiri angapo. Timeneti tikutisaka ndi band 9 ya Landsat, imene anaiikira ntchito yomweyo. Pa zinazo tikudalira band ya ST_CDIST, yonena kutalika kwa pixel iliyonse kuchokera pa mtambo wapafupi, ndipo zonse zoyandikana ndi mtambo tikutaya. Zikutidyera zithunzi zambiri. Tagwirizana kuti njira zathu tiziyesere pa zithunzi za zaka zam'mbuyo za Ogasiti mpaka Okutobala, miyezi imene kumwamba kumayera.

Chithunzi chimodzi cha Landsat chimakuta makilomita 185 m'lifupi, ndipo kuchipanga dawunilodi kumadya pafupifupi gigabayiti yathunthu. Ndi mtengo wa bandulo, kuonjeza kuzimazima kwa magetsi, tasamukira ku Google Earth Engine, kumene zithunzi zimakonzedwera pa intaneti: tikudula kachigawo ka Mzuzu komweko n'kutenga kokhako. Kwa amene adzapitirize ntchitoyi: nambala za mu band ya kutentha, ST_B10, muzizichulukitsa ndi 0.00341802, muonjezepo 149.0 kuti mupeze Kelvin, kenako muchotsepo 273.15 kuti mupeze madigiri a Celsius.

Julayi

Mwezi wathera pa kulinganiza zithunzi kuti zikhalirane bwino. Ndi ntchito yotopetsa, yoti sungaonetse munthu, koma chithunzi chimodzi chikasuntha ndi pixel imodzi yokha, kompyuta iphunzira kuti mtengo ndi wotentha ndipo msewu ndi wozizira.

Zonse zili mu UTM zone 36, dongosolo lolozera malo ndi nambala za mamita, koma Landsat imawerenga ngati tili kumpoto kwa equator, motero nambala zake za kuno zili pansi pa ziro, pomwe Sentinel-2 imawerenga za kumwera, kuyambira pa mamita 10,000,000 kutsika. Kupatula apo, mizere ya ma pixel a Landsat inaphonyana ndi ya Sentinel-2 ndi mamita 15. Malire ena a madera amene tili nawo anakopedwa pa mapu akale apepala a muyeso wa Arc 1950, umene umasiyana ndi WGS 84, muyeso wa zithunzi za setilaitizi, ndi mamita mazana angapo; tawasuntha. Pofuna kuona ngati zakhalirana tikuyang'ana zinthu zosasuntha: msewu woterapo ndege, khoma la damu la Lunyangwa, ndi mphambano ya M1 ndi M5.

Ogasiti

Tayesa njira yoyamba, TsHARP, imene Agam ndi anzake anafalitsa mu 2007 pokonzanso DisTrad ya Kustas ndi anzake ya mu 2003. Nzeru yake ndi yapafupi. Masamba obiriwira amatulutsa madzi ndipo potero amazizira, choncho pamene zobiriwira zachuluka payenera kuzizirirapo. Umawerengera NDVI, nambala yoyeza kubiriwira kuchokera ku band yofiira ndi ya near-infrared (kuwala kosaoneka ndi maso kumene masamba amabweza kwambiri), pa ma pixel aang'ono. Umaiphatikiza kuti ifike pa mamita 100, n'kufufuza mzere wogwirizanitsa NDVI ndi kutentha. Mzerewo umapita nawo ku ma pixel aang'ono aja, iliyonse ilandire kutentha kwake malinga ndi kubiriwira kwake. Pomaliza umayang'ana chimene chatsala, ndiko kusiyana kwa zimene setilaiti inayeza m'hekitalayo ndi zimene mzere wako wanena. Chotsalacho umachigawira ma pixel onse a m'hekitalayo, kuti ukawaphatikizanso abwerere pa nambala yoyezedwa ija. Pophatikiza sititenga avereji ya madigiri mwachindunji. Mphamvu imene chinthu chimatulutsa imatsatira kutentha kwa Kelvin kodzichulukitsa kanayi, ndiye timaphatikiza mphamvuyo, kenako n'kubwerera ku madigiri.

M'mphepete mwa nkhalango ya Kaning'ina zatuluka bwino kwambiri. Malire a nkhalango ndi minda, amene pa chithunzi choyamba sankadziwika pamene ayambira, tsopano akukhotakhota mmene alili pansi. Madimba a m'mbali mwa Lunyangwa nawo aonekera, kamzere kozizira kodutsa pakati pa nyumba.

Pakati pa tauni zakanika. Njirayi anaiyesera pa minda ya chimanga ndi soya ku Iowa, kumene funso ndi limodzi: masamba ndi ochuluka bwanji? Kuno mu Ogasiti, udzu wouma, munda wokololedwa, bwalo la mpira lafumbi, phula ndi malata, zonse zili ndi NDVI yotsika mofanana, koma kutentha kwake n'kosiyana kutali. Madzi ndiye amasokoneza kwambiri. NDVI yawo ili pansi pa ziro, mzere uja n'kugamula kuti damu la Lunyangwa ndi malo otentha kuposa onse mu mzinda. Madzi tawachotsa pophunzitsa kompyuta, tikuwasiya ndi nambala yawo yoyambirira.

Mapu amene ndikuthera nawo nthawi tsopano ndi a zotsala zija. Pamene chotsala chakula ndi pamene njirayo yalephera kufotokoza zimene setilaiti inaona, ndipo pamenepo timabokosi ta mamita 100 timaonekerabe pa mapu omaliza. Timabokosito tachuluka pa msika waukulu, pa depoti ndi ku mafakitale a ku Luwinga. Ena amatisalaza kuti mapu akongole. Ife tatisiya, chifukwa ndi tokhato timene timauza wowerenga kuti apa asakhulupirire kwambiri.

Seputembala

Nkhani ya mwezi uno ndi malata.

Pa zithunzi zingapo madenga aakulu atsopano, a nyumba zosungiramo katundu ndi a matchalitchi, akuoneka ozizira kuposa bwalo lafumbi loyandikana nawo. Amene anakwerapo padenga mu Seputembala angaseke. Chimene chikuchitika n'chakuti setilaiti siyeza kutentha mwachindunji. Imayeza mphamvu imene chinthu chikutulutsa, ndipo zinthu zotentha mofanana sizitulutsa mofanana. Muyeso wake amautcha emissivity, kuyambira pa 0 kufika pa 1. Madzi ndi masamba zili cha m'ma 0.98 kapena 0.99, dothi louma cha m'ma 0.95, koma lata lonyezimira lopanda utoto lili pansi kwambiri, cha m'ma 0.2 kapena 0.3. Lata lotere limatulutsa kachigawo kochepa ka kutentha kwake, ndipo kwinako limangobweza za kumwamba, kumene pa mafunde amenewa n'kozizira zedi kukakhala kopanda mitambo. Likachita dzimbiri, emissivity imakwera. Malata amakono amitundu aja, ofiira, obiriwira ndi abuluu, savutanso chifukwa utoto umatulutsa bwino. Ndiye denga lakale ladzimbiri la ku Salisbury Lines lioneka lotentha, latsopano lonyezimira lioneka lozizira, chonsecho onse awiri ukawagwira awotcha.

Tinakaziona ndi maso pa nyumba ina imene ankaikhoma malata ku Zolozolo. Tinanyamula choyezera kutentha cholozera patali, osati zija zoloza pamphumi za nthawi ya Covid, koma cha amisiri, chochunidwa pa emissivity ya 0.95. Pa lata lina limene linali padzuwa tinamatapo kachidutswa ka tepi yakuda ya amagetsi, n'kudikira kuti katenthe limodzi ndi latalo. Kuloza pa chitsulo, nambala yotsika. Kuloza pa tepi, pambali pomwepo, nambala inalumpha. Tepi yakuda imadzitenthetsanso pang'ono payokha, koma osati mpaka kusiyana kotero. Mmisiri wamkulu, amene ankationera ali pa makwerero, anati, "Achimwene, kamakina kanuko n'konama. Tagwirani nokha lata ili, muone ngati simusupuka." Ndinawayankha kuti, "Zoona madala, ndipo kali kumwambako kakunama chimodzimodzi."

Vutoli lili ndi muzu wina. A USGS powerengera kutentha kwa nthaka amatenga emissivity ku ASTER GED, mapu a mamita 100 opangidwa ndi zithunzi za pakati pa 2000 ndi 2008, n'kuisintha malinga ndi kubiriwira kwa tsikulo. Tsopano taonani: kalembera wa 2008 anapeza anthu pafupifupi 134,000 mu Mzuzu, wa 2018 anapeza oposa 221,000. Madera ambiri amene lero ndi madenga okhaokha, nthawi imene ASTER inkajambula anali minda ndi tchire. Ndiye kuti nambala imene timaitenga ngati yoyezedwa imabwera ili kale ndi chilema chake, ife tisanaikhudze. Kuphatikiza zithunzi sikungachize chilemacho, popeza njira zonsezi zimakakamiza zotsatira kubwerera pa nambala yomweyo.

Chimene tachita ndi kupanga mapu ena oonetsa gawo la pixel iliyonse limene ndi denga, pogwiritsa ntchito mapu a nyumba a Open Buildings ya Google ndi a OpenStreetMap. Zimenezi sizinena mtundu wa denga, ndiye kunyezimira kwake tikukutenga ku ma band a Sentinel-2. Pamene madenga onyezimira achuluka tikuikapo chizindikiro chochenjeza. Tapezanso kuti madenga omwewa nthawi zina QA_PIXEL imawayesa mitambo, moti bowo lililonse la pamapu pakati pa tauni tikuyamba taliyang'ana ndi maso tisanavomere kuti unali mtambo.

Okutobala

Kwatentha, kumwamba kwayera, ngakhale masiku ena utsi wa moto wa m'tchire ukubisa mapiri. Zithunzi zabwino tazipeza.

Tasiya mzere umodzi wa NDVI, tapita ku Data Mining Sharpener, mwachidule DMS, ya Gao, Kustas ndi Anderson ya mu 2012. M'malo modalira kubiriwira kokha, umapatsa kompyuta ma band onse, ndipo iyo imagawa malo m'magulumagulu, gulu lililonse ndi lamulo lake. Imaphunzira pa ma pixel aakulu okhawo amene mkati mwake muli chinthu chamtundu umodzi. Imapanga malamulo a chithunzi chonse ndi ena a kadera kakang'ono, kenako pamalo aliwonse imamvera kwambiri amene alakwitsa pang'ono. Tikugwiritsa ntchito pyDMS, pulogalamu ya Python imene inagwiranso ntchito mu pulojekiti ya Sen-ET ya ESA, bungwe la zamlengalenga la ku Ulaya, pophatikiza Sentinel-2 ndi Sentinel-3. Ma band a shortwave infrared ndi amene athandiza kwambiri chifukwa amamva chinyezi. Dothi lonyowa la m'dambo ndi louma la pamtunda, zimene NDVI inkaziona ngati chimodzi, tsopano zasiyana. Chondidetsa nkhawa n'chakuti ma pixel amtundu umodzi aja ali ku nkhalango, m'minda ndi pa bwalo la ndege. M'madera othithikana mulibe. Malamulo amene kompyuta ikuweruzira Chibavi inawaphunzira kunja kwa Chibavi.

Mapiri nawo ali ndi mbali yawo. Mzuzu uli pa mamita pafupifupi 1,250 pamwamba pa nyanja yamchere, pomwe Nyanja ya Malawi ili cha m'ma 475. Mpweya umazizira madigiri pafupifupi 6.5 pa kilomita iliyonse yokwera, ndiye kuchokera ku Nkhata Bay kufika kuno pali madigiri 5 obwera ndi kukwera kokha. Kachigawo kathu kakafika kumunsi kwa zitunda za kum'mawa, kompyuta imasokoneza kutentha kwa kuchigwa ndi kwa mtundu wa nthaka, choncho taipatsa nambala za SRTM kuti izidziwa kukwera kwa malo. Taipatsanso kupendekeka kwa malo ndi kumene ayang'ana. Pa 10 koloko dzuwa likadali kum'mawa. Mbali ya chitunda yoyang'ana kumeneko yatentha kale, inzake ikadali ndi kamthunzi. Ku Masasa, kumene nyumba zinamangidwa pa malo otsetsereka, zimenezi zasintha mapu kwambiri. Ndipo dzuwalo silikhala pamodzi: mu Juni limapendekera kumpoto, kumapeto kwa Okutobala limadutsa pamutu penipeni masana. Chifukwa chake chithunzi chilichonse tikuchiphunzitsira pachokha. Malamulo a tsiku lina sitikuwabwereka.

Tingadziwe bwanji kuti mapu a mamita 30 ndi oona, pomwe tilibe choyezera cha mamita 30 choti tiyerekeze nacho? Njira imene ilipo ndi kudzibisira yankho. Timatenga chithunzi cha mamita 100, n'kuchiwononga dala kuti chifike pa mamita 300, kenako n'kuchiphwanyanso kubwerera pa 100 ndi njira yathu, n'kuyerekeza ndi chenicheni chija. Pa mayeso amenewa DMS yaposa TsHARP pafupifupi paliponse, makamaka m'madambo ndi m'zitunda, ndipo zonse ziwiri zaposa kungosalaza. Koma zonse zili ndi khalidwe limodzi: malo otentha kwambiri zimawatsitsa, ozizira kwambiri zimawakweza. Komanso mayesowa angotiuza za kuchoka pa 300 kufika pa 100. Zoti ubale womwewo ulipo pakati pa 100 ndi 30 tikungoyembekezera. Pa mamita 10, pamene mthunzi wa nyumba imodzi uyamba kukhala nkhani, chiyembekezocho chimachepa kwambiri.

Wina anafunsa chifukwa chimene sitikuyerekezera ndi nambala za ku siteshoni ya zanyengo. Kumeneko amayeza mpweya mumthunzi, m'kabokosi koyera kokwezedwa pamwamba pa udzu. Ife tikuyeza pamwamba penipeni pa nthaka padzuwa, ndipo mwezi ngati uno dothi lopanda kanthu limaposa mpweya ndi madigiri 10 kapena kupitirira.

Mwezi uno watipatsanso zinthu ziwiri zimene sizinali m'maganizo mwathu. China ndi lupsa. Pamene moto wadutsa, nthaka yakuda ija imatentha kwambiri. Sentinel-2 ikajambula Lolemba, moto n'kudutsa Lachiwiri, Landsat n'kuyeza Lachitatu, kompyuta iona udzu pamene pali phulusa, ndipo kutenthako ikumwaza pa hekitala yonse. Ndi OLI vutoli palibe, popeza kuwala ndi kutentha zimajambulidwa limodzi. China ndi mauvuni a njerwa, amene akuyaka m'madambo ambiri pothamangitsana ndi mvula. Uvuni ndi kanthu ka mamita ochepa, kotentha zedi, komatidwa ndi matope, moti pa kuwala wamba kamaoneka ngati dothi lina lililonse. Kamakweza nambala ya hekitala yonse, ndipo kompyuta ilibe poyambira kuti iloze kona imene kutenthako kukuchokera. Dambo lokhala ndi uvuni limaoneka ngati lauma, chonsecho ukapondamo n'chinyontho.

Pakati pa Novembala

Mitambo yayamba kubwerera, ndipo tagamula. Mapu amene tipereke ndi a mamita 30, ophatikiza TIRS ndi OLI kudzera mu DMS, limodzi ndi mapu a zotsala ndi chenjezo la madenga. A mamita 10 tiwasunga ngati oyeserera.

Sizinadutse popanda mkangano. Mayi wina wodziwa za mapulani a mizinda, amene akutithandiza kuganizira ogwiritsa ntchito mapuwa, anaona onse awiri n'kunena kuti, "Koma achimwene, a mamita 10 awa ndi amene akuoneka bwino, nyumba iliyonse ikudziwika. Bwanji osatipatsa amenewa?" Ndinati, "Mayi, nyumba mukuzionazo n'zoona, koma wazijambula ndi Sentinel-2, imene sidziwa kutentha. M'hekitala iyi muli nambala 100, ndipo zonse zachokera m'nambala imodzi yoyezedwa." Anandibwezera kuti pa mamita 30 palinso nambala 11 zochokera mu imodzi, ndiye kusiyana kwake kuli pati? Ndipo iwo sangadzale mitengo pa hekitala yonse, ayenera kusankha msewu. Mfundo yawo ndi yomveka. Yankho langa ndi lakuti kuchoka pa 100 kufika pa 30 ndi kuphwanya katatu, mofanana ndi mayeso amene tinachita, ndipo zithunzi zake n'za mphindi imodzi. Kufika pa 10 ndi kuphwanya kakhumi, ndi zithunzi za masiku osiyana, popanda mayeso otiikira umboni. Tinamvana kuti mapuwa aziwagwiritsa ntchito posankha dera ndi chigawo cha dera, koma msewu weniweni akausankhe ndi miyendo.

Pali funso lina limene mapu a Landsat sangayankhe, ngakhale titawaphwanya bwino chotani. Anthu sadandaula za kutentha kwa 10 koloko m'mawa. Amadandaula za 2 koloko masana, ndi za usiku m'nyumba ya malata yopanda siling'i. Pa chifukwa chimenechi tayamba kusonkhanitsa zithunzi za ECOSTRESS, kamera ya NASA imene yakhala pa International Space Station kuyambira mu 2018. Imayeza pa mamita 70 ndipo imadutsa pa maola osiyanasiyana, masana ndi usiku womwe. Zithunzi zake zimafuna kuzilinganiza mosamala chifukwa zina zimabwera zitasuntha, ndiye tabwereranso ku khoma la damu ndi msewu wa ndege. Zimene zinajambulidwa cha m'ma 10 koloko zitithandizanso pa china: tikhoza kuphatikiza mapu athu a mamita 30 kufika pa 70 n'kuyerekeza ndi kamera imene sinatengepo mbali pa kuphunzitsa.

Za kudzaza miyezi ya mvula ndi MODIS kudzera mu STARFM, njira ya Gao ndi anzake ya mu 2006, tazisiya. Kuchoka pa kilomita kufika pa mamita 30 ndi nambala zoposa 1,100 kuchokera mu imodzi, MODIS nayo siboola mitambo, ndipo masetilaiti a Terra ndi Aqua, zombo zimene zinainyamula kuyambira mu 1999 ndi 2002, zayamba kusuntha pa maola amene zinkadutsira. Masetilaiti amene akukonzedwa, TRISHNA ya France ndi India komanso LSTM ya Copernicus ya ku Ulaya, adzayeza pa mamita 50 mpaka 60 ndipo adzabwera pafupipafupi. Adzachepetsa zoganizira zathu, koma za malata onyezimira zidzafunabe munthu wodziwa madenga a kuno.

Chotsatira ndi kupachika tizipangizo tolemba kutentha m'nyumba ndi panja, mumthunzi, kuti tione ngati madera amene mapu akuti ndi otentha alidi otentha kwa okhalamo. Sabata ikubwerayi tikukaonana ndi mafumu a ku Chibavi ndi ku Ching'ambo kuti atithandize kupeza eni nyumba olola: zina za siling'i, zina zopanda, zina za malata atsopano, zina adzimbiri, ndi zingapo za pansi pa mitengo. Tizipangizoto tiyenera kupachikidwa mvula isanakhazikike, apo ayi tidikira Ogasiti wa chaka chamawa.